KODI FIZI YOKHA NDIYO IMENE IMATSEKA KHOMO LA SUKULU?

Owerenga athu akukumbukira kuti m'chaka cha 2025 Boma linalengeza kuti kuyambira mwezi wa Januwale 2026 ana a m'sukulu za sekondale za Boma asalipirenso fizi. Makolo a m'midzi analandira mau amenewa ndi manja awiri, ndipo nkoyenera, pakuti ana osawerengeka anabwezedwa pakhomo la sukulu chifukwa cha ndarama zimene munthu wolemera wa m'tauni angathe kumwaza tsiku limodzi. Koma tidzadzinyenga tokha tikayesa kuti tsopano mwana ali yense adzakwera monga mwa nzeru zache ndi khama lache. Banja limene mwana wabadwiramo ndi mudzi umene wakuliramo zikali ndi mphamvu yaikuru pa nchito imene adzagwire ndi malipiro amene adzalandire.

Tinaziona kale izi m'chaka cha 1994, pamene fizi inachotsedwa m'sukulu za pulaimale. Ana anachuruka kuchokera pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Ambiri anaphunzira pansi pa mitengo, m'manja mwa aphunzitsi olembedwa nchito mofulumira asanaphunzitsidwe mokwanira, ndipo makolo amene anali ndi kanthu m'thumba anayamba kutumiza ana ao ku sukulu zolipira. Kusiyana sikunathe ai, kunangosamuka malo.

Mbiri ya Bambo William Kamkwamba a m'mudzi wa Masitala, kwa Wimbe, m'boma la Kasungu, itithandiza kupima nkhaniyi. Iwo anabadwa m'chaka cha 1987 m'banja la alimi. Njala ya 2001 ndi 2002 itafika, atate ao analephera kupeza fizi, ndipo mnyamatayo anasiya sukulu ya sekondale ya Kachokolo. M'malo mokhala chabe, iye ankapita ku kanyumba ka mabuku ka pa sukulu ya pulaimale ya Wimbe, kumene anapeza buku la Chingerezi lochedwa Using Energy. Chingerezi chache chinali chochepa, koma ankatsata zithunzi. Ndipo ndi njinga yakale ya atate ache, mapaipi ndi mitengo ya bulugama anamanga makina amphepo amene anayatsa magetsi m'nyumba mwao. Anthu ena a m'mudzi ankamuyesa wamisala.

Palibe angakane kuti mnyamatayu anali ndi mtima wofuna kudziwa ndi kupirira kumene ambiri a ife tiribe. Koma taonani chimene khama lokhalo linampatsa: makinawo anaima pabwalo zaka zinai, mwini wache akali kunja kwa sukulu, akulima monga anzache. Zinthu zinatembenuka m'chaka cha 2006, pamene Dr Hartford Mchazime, katswiri wa maphunziro, anamva za iye nabwera ndi atolankhani. M'chaka cha 2007 anakalankhula pa msonkhano wa TED ku Arusha, anthu akufuna kwabwino anamlipirira maphunziro, anakaphunzira ku Johannesburg, ndipo m'chaka cha 2014 anatsiriza maphunziro ache ku Dartmouth College m'dziko la America. Chikhala kuti kanyumba ka mabuku kaja kunalibe, kapena mlendo uja sanatsike m'galimoto, dzina lache sitikadalimva. Ndipo nchomvetsa chisoni kuti zonsezi zinachitika mtunda wochepa kuchokera ku Mtunthama, kumene Kamuzu Academy inatsegulidwa m'chaka cha 1981 ndi cholinga chosankha ana anzeru a m'maboma onse, olemera ndi osauka omwe.

Chinthu chimene chimasefa ana athu mwakachetechete ndi Chingerezi. Mayeso a Sitandade 8 amalembedwa m'chinenero chimenechi, kupatula phunziro la Chichewa, ndipo wofuna kulowa yunivesite ya Boma ayenera kukhoza bwino maphunziro asanu ndi limodzi pa mayeso a Fomu 4, Chingerezi chiri pakati pao. Mwana wa mphunzitsi, wa namwino kapena wa kalaliki amachimva kunyumba, amapeza nyuzipepala patebulo, ndipo akalakwa samu pali wom'konza madzulo. Mwana wa mlimi wa tenanti pa esiteti ya fodya amachimva m'kalasi mokha, ndiponso nyengo yothyola fodya ikafika amajomba. Onse awiri akhoza kukhala ndi mutu umodzimodzi, koma tsiku la mayeso woyambayo amasankhidwa ku sekondale yogonera pompo imene iri ndi labotale ndi mabuku, pamene mnzacheyo, ngati wasankhidwa nkomwe, amapita ku sukulu yoyendera ya CDSS, kumene kawirikawiri sayansi imaphunzitsidwa ndi choko chokha. Patapita zaka khumi, wina ali ndi malipiro a mwezi ndi mwezi ndi penshoni yoyembekezera, wina akupalasa kabaza kapena akufuna ganyu.

Kwa mtsikana katunduyo amalemera kawiri. Ngakhale lamulo lalikuru la dziko linakonzedwa m'chaka cha 2017 kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18, mtunda wautali wopita ku sukulu, nchito za pakhomo ndi umphawi wa makolo zikali kukankhira ambiri ku ukwati.

Chifukwa chache, popeza nkhani ya fizi yayamba kukonzedwa, maso a Unduna wa Maphunziro ayenera kutembenukira ku ma CDSS, kumene kuli ana ambiri a anthu wamba. Kumeneko kukufunika aphunzitsi a sayansi ndi Chingerezi okhala ndi nyumba zoti akhalemo, malo ogona atsikana, ndi shelefu ya mabuku yonga ija ya pa Wimbe, imene mwana angabwereke ngakhale dzina lache litafafanizidwa m'kaundula.