Ululu wokhalitsa: musabise, unenedwe m'mawu anu

Mukafika kuchipatala ndi malungo, namwino amakubayani chala, magazi n'kunena okha. Koma msana umene wakhala ukupweteka chikololereni chimanga ulibe makina ouyeza. Woudziwa ndinu nokha.

Bungwe la OMS limati ululu ukapitirira miyezi 3 ndi wokhalitsa, ndipo umafuna chisamaliro chakechake. Anamwino amaphunzira kufunsa pamene pakupweteka, nthawi imene unayamba, ndi kukula kwake kuyambira 0 mpaka 10. Mafunso abwino ndithu. Koma ine amene ndimaphunzitsa aphunzitsi a sukulu za akuluakulu ndikudziwa kuti kwa mayi amene sanagwirepo cholembera, manambala amenewa sanena kanthu. Mayi wa ku Ngauma wolankhula Chiyao kapena Chinyanja amangoti "dói", mwina "ndilipo" chifukwa cha ulemu. Amalandira paracetamol n'kubwerera. Ululu ukapitirira, amakagula ibuprofen pamsika, osadziwa kuti kumwa mankhwalawa miyezi yambiri kumatha kuwononga m'mimba ndi impso.

Ndiye ndikupemphani: musanapite kuchipatala, konzani mawu. Kodi pakulasa, pakutentha, pakupota kapena pachita dzanzi? Kodi mukugona usiku? Mukutha kugwira khasu kapena kusenza madzi? Mawu amenewa ndi ofunika. Kutentha ndi dzanzi kumapazi kawirikawiri zimasonyeza vuto la mitsempha, monga mwa odwala shuga kapena HIV, ndipo paracetamol payekha sathandiza kwenikweni. Manambala akakuvutani, gwiritsani dzanja: chala chimodzi, ululu wochepa, zala zisanu, wosapiririka.

Nenaninso mankhwala onse amene mwamwa kale, ngakhale azitsamba. Mu 1986 OMS inakhazikitsa njira yothandizira odwala khansa, yoyambira pa mankhwala ofooka mpaka kufika pa morphine. Namwino sangakusinthireni mankhwala, kapena kukutumizani kuchipatala chachikulu monga cha ku Cuamba, ngati simunamuuze kuti oyamba aja sanathandize.

Inunso anamwino a ku Mandimba, Ngauma ndi Cuamba, tikudziwa kuti mzere umakhala wautali. Komabe funsani m'chilankhulo cha wodwalayo, mudikire yankho, mulembe pakhadi kuti akadzabweranso mudzayerekeze. Amene sakubuula si kuti sakumva kupweteka.

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Ululuwo mukuumva ndinu, choncho yambani ndinu kunena.