Ofuna Nyumba ku Senga Bay Ayambe Afunsa

Mphunzitsi aliyense, ndiponso aliyense wogwira ntchito m'Boma, amadziŵa mumtima mwake kuti nyumba imene akugonamo chifukwa cha ntchito si yake. Tsiku lidzafika pamene kalata yopumitsa ntchito idzabwera, makiyi adzabwezedwa kwa eni ake, ndipo mipando, mabedi ndi mabuku zidzakwezedwa pa lole. Kumene loleyo idzaloŵere ndi funso limene munthu wanzeru amayankha mphamvu zikadalipo. Masiku ano si ochepa pakati pa antchito a Boma, makamaka a m'Chigawo cha Pakati, amene akuyang'ana kum'maŵa, ku gombe la Senga Bay m'boma la Salima, ndi maganizo oti akagule kapena akamange nyumba yodzapumiramo.

Maganizo ameneŵa ndi abwino ndipo ife tikuwayamikira. Pulezidenti woyamba wa dziko lino, Dr H. Kamuzu Banda, ankakonda kukumbutsa anthu pamisonkhano kuti munthu aliyense afunika chakudya chokwanira, zovala zabwino ndi nyumba yosadontha. Wantchito amene watumikira dziko zaka 30 nakathera m'nyumba ya lendi, kapena nakapanikiza abale kumudzi, ndiye kuti china chake chinalakwika panjira. Nakonso ku Senga Bay kuli zokopa zenizeni. Malowo ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20 kuchokera pa boma la Salima, ndipo kuchokera ku Salima kukafika ku Lilongwe, kumene kwakhala likulu la dziko kuyambira mu 1975, ndi makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa tala. Munthu angathe kupita kukaona ana mumzinda m'maŵa nabwerako madzulo. Usipa, utaka ndi kampango zili pakhomo, mpunga umalimidwa ku Lifuwu, ndipo chifukwa cha mahotela, asilikali a Parachute Battalion ndi amalonda a nsomba, ndalama zimayenda pamalopo chaka chonse.

Komabe akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ambiri mwa amene akufuna malo kumeneko anaidziŵa Senga Bay pa tsiku la Loŵeruka, kapena pa msonkhano wa masiku atatu wa ku hotela, monga ija yakale imene inkatchedwa Grand Beach, lero Sunbird Livingstonia Beach. Amene wagona masiku atatu m'chipinda chozizira waona nyanja, koma mudzi sanauone. Sanamve kutentha kwa mwezi wa Okotobala ndi Novembala, pamene malata amaotcha mpaka usiku. Sanamve mphepo ya mwera ikuthira mchenga m'nyumba m'miyezi yozizira. Sanaŵerengere malungo, amene savuta kugwira munthu wozoloŵera kumapiri a Dedza kapena Ntchisi, ndiponso likodzo limene limabisala m'madzi odekha a m'mabango. Sanaganizire kuti munthu wachikulire wodwala shuga kapena mtima adzafunika kuyenda ulendo wa ku boma nthaŵi zonse pamene afuna chipatala chachikulu. Nchifukwa chake tikulangiza aliyense kuti asanagule, ayambe wakhalako pa lendi, ngakhale pa tchuthi chokha, kamodzi m'dzinja ndi kamodzi m'chilimwe. Ndalama za lendi ya miyezi iŵiri n'zochepa poyerekeza ndi ndalama za penshoni zimene zimabwera kamodzi kokha pa moyo wa munthu.

Vuto lalikulu koposa ndi la malo eniakewo. Kupatula malo a Boma, a mahotela ndi ena amene ali ndi lizi, malo ambiri a m'dera limeneli, lomwe lili pansi pa Mfumu Yaikulu Maganga, ndi malo a makolo. Pakati pa Acheŵa ndi Ayao malo otere amatsata mbumba: amayenda kuchokera kwa mayi kupita kwa ana ake, ndipo woyang'anira ndi mwinimbumba. Mkamwini, ngakhale atalima pamalopo zaka 20, alibe mphamvu yogulitsa. Mwana mmodzi, ngakhale ali woyamba kubadwa, sangagulitse yekha popanda abale ake. Wogula amene waonetsedwa malo ndi dobadoba pa msika, napereka ndalama kwa munthu mmodzi m'chipinda, asadabwe pamene mfumu ya mbumbayo idzatulukira maziko atakumbidwa kale. Milandu yotere imadya zaka, ndipo imadya ndalama zimene zikanagula malata.

Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa malamulo atsopano okhudza malo, ndipo inawakonzanso mu 2022. Lamulo la malo a makolo linapereka ntchito yogaŵa ndi kulembetsa malo otere kwa makomiti a m'midzi, otsogozedwa ndi agulupu, okhalamo amayi ndi abambo osankhidwa ndi anthu. Tanthauzo lake n'lakuti kalata yolembedwa pa pepala la m'kope, yodindidwa chidindo cha nyakwaŵa pansi pa mtengo wa mango, payokha si umboni wokwanira. Wogula ayenera kuonana ndi mbumba yonse masana, pamaso pa mfumu ndi mboni, kuyendera malire pamodzi ndi oyandikana nawo, kenaka kupita ku Khonsolo ya Salima kukafunsa ngati malowo ndi ololedwa kugulitsidwa ndi kumangidwapo. Ngati akugula nyumba yomangidwa kale imene ili ndi lizi, apite ku Unduna wa za Malo akaone ngati dzina lili m'kaundula ndi la amene akugulitsayo, zaka zimene zatsala pa liziyo, ngongole ya msonkho wa malo, ndiponso ngati nyumbayo sinaperekedwe chikole ku banki. Mabikoni aonedwe ndi maso. Safunsa anadya phula.

Tiyenera kukumbukiranso kuti popanda mapepala oyenera palibe ngongole. Kuyambira pamene New Building Society inakhazikitsidwa mu 1964, kufikira pamene inasanduka NBS Bank mu 2004, ndiponso mpaka lero, obwereketsa ndalama zomangira nyumba amafuna chikole chodziŵika ndi lamulo. Nyumba yokongola yomangidwa pa malo opanda mapepala siingakongoletsere mwini wake ndalama, ndipo iye akamwalira, mkazi wamasiye ndi ana amatsala alibe choonetsa pabwalo la milandu.

Funso lina liyenera kufunsidwa kwa nyanja. Nyanja ya Malaŵi ili ndi khomo limodzi lokha lotulukira madzi, ndilo mtsinje wa Shire, ndipo imakwera ndi kutsika motsata mvula ya zaka zambiri. Kuyambira cha mu 1915 mpaka 1935 inatsika kotero kuti Shire anasiya kutuluka m'nyanjamo. Mu 1980 inakwera mpaka pafupifupi mamita 477 pamwamba pa nyanja zamchere. M'zaka za m'ma 1990 inabwerera m'mbuyo nisiya mchenga woyera, ndipo anthu anayamba kumanga pamchengapo ngati kuti mwini wake wasamuka. Mu 2024 mwini wake anabwera. Madzi anapitirira mamita 476 naloŵa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Salima, Mangochi ndi Nkhotakota, ndipo mipanda yambiri inagwa. Ena analoza chala Kamuzu Barrage ya ku Liwonde, yomangidwa mu 1965, nati itsekulidwe. Koma chotchingira madzicho sichingachotse m'sabata imodzi madzi amene mvula yathira m'nyanja zaka zingapo, ndipo kuchitsekula mopambanitsa n'kumiza abale athu a ku Chigwa cha Shire. Madzi saiŵala khwaŵa.

Bungwe loyang'anira za madzi la National Water Resources Authority lakhala likuchenjeza kuti pasakhale kumanga pansi pa mzere wa mamita 477. Munthu wamba alibe chipangizo choyezera mzerewo, koma ali ndi pakamwa. Afunse nkhalamba za pamudzipo pamene madzi anafika mu 1980, ayang'ane pa zipupa ndi pa mitengo zizindikiro zimene madzi a mu 2024 anasiya, ndipo akaone malowo mwezi wa Epulo pamene nyanja yadzaza, osati mu Novembala pamene yaphwera. Malo amene akugulitsidwa motchipa chifukwa ali pafupi ndi madzi kaŵirikaŵiri ndiwo okwera mtengo pomalizira pake. Kumtunda pang'ono, kumene nyanja imaoneka ndi maso koma mafunde sakufika, ndiko koyenera nyumba ya munthu wopuma ntchito. Kumeneko chimbudzi sichigumuka mvula yoyamba, ndiponso sichithira zonyansa m'chitsime. Pa dothi la mchenga madzi a pansi ali pafupi, ndipo tonse tikukumbukira m'mene mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 unasautsira maboma a m'mphepete mwa nyanja, kuphatikizapo Salima.

Pa kamangidwe, anthu a ku Salima ali ndi phunziro limene achinyamata ambiri salidziŵa. Pa 10 Malichi 1989 chivomezi chinagwedeza bomali ndi madera oyandikana nalo, chinapha anthu 9 ndipo chinasiya anthu pafupifupi 50,000 opanda pogona. Mu Disembala 2009 zofananazo zinaoneka ku Karonga. Nyanja yathu yagona m'chigwa chachikulu chimene nthaka yake imasuntha, ndipo palibe amene angalonjeze kuti siidzasunthanso. Nyumba ya zipinda zitatu yokhala ndi maziko ozama, matope osakanizidwa bwino ndi simenti, bimu yozungulira pamwamba pa mazenera ndi denga lomangiriridwa molimba, iposa nyumba ya zipinda zisanu ndi ziŵiri yomangidwa mothamanga pofuna kuonetsa anthu. Wogula nyumba yomangidwa kale atenge mmisiri wake wodalirika akayang'ane ming'alu imene penti yatsopano yabisa.

Koma ngakhale mapepala akhale olongosoka ndipo nyumba ikhale yolimba, chinthu chimodzi chatsala, ndipo ndicho chimene tifuna kuti aŵerengi athu achisunge. Senga Bay si tchire lopanda eni. Ndi mudzi wa asodzi, Acheŵa, Ayao ndi Atonga amene anabwera ndi usodzi, okhala ndi mizikiti yawo, mipingo yawo ndi manda awo. Kwa iwo gombe ndi munda. Pamenepo ndi pamene amakokera mabwato, amasokera makoka, amayanika usipa pa thandala, ndipo amayi amachapa ndi kutunga madzi. N'zomvetsa chisoni kuona kuti m'malo ena a m'mphepete mwa nyanja mipanda ya njerwa yafika mpaka m'madzi, ndipo mayi wosenza ndowa ayenera kuzungulira mtunda wautali kuti apeze kanjira kotsikira kunyanja kumene agogo ake ankasamba. Amene amamanga mipanda yotere nthaŵi zambiri si anthu osaphunzira. Ndi anthu a maudindo, odziŵa malamulo, ena a iwo ophunzitsa ana za chikondi cha dziko.

Wogula nyumba pamudzi wagula ndi udindo wa pamudzipo. Ayenera kukadziŵika kwa mfumu, kupita kumaliro, kusonkha pamene mjigo wawonongeka, ndi kusiya njira ya kunyanja monga anaipezera. Mphunzitsi wopuma ntchito ndi chuma kwa mudzi wotere, kumene anyamata ambiri amasiya sukulu chifukwa cha ndalama za msanga za kunyanja. Angathe kukhala mu komiti ya sukulu, kuthandiza ana a Sitandade 8 madzulo, kapena kuphunzitsa akuluakulu kulemba ndi kuŵerenga. Kalaliki wopuma ntchito angathe kuthandiza mbumba ya pafupi naye kulembetsa malo ake kuti isaberedwe. Munthu wotere safunika agalu ambiri, pakuti mudzi wonse ndiwo mlonda wake. Ndipo tsiku lomaliza likadzafika, adzukulu okumba manda adzachokera m'mudzi momwemo, osati ku ofesi kumene ankagwira ntchito.

Kwa akuluakulu a Khonsolo ndi a Unduna wa za Malo, pempho lathu n'lakuti mapulani a m'mene Senga Bay iyenera kukulira aikidwe poyera kuti aliyense awaone, njira zotsikira kunyanja ndi madoko a asodzi zitetezedwe nyumba zisanadzaze, ndipo wobwera kudzafunsa athandizidwe msanga popanda kumuyendetsa maulendo ambirimbiri, pakuti kuchedwa kwa mu ofesi ndiko kumakankhira anthu m'manja mwa madobadoba. Kwa mafumu, pempho lathu n'lakuti akumbukire ana amene akubadwa lero, amene adzafunanso pomanga ndi polima. Malo ogulitsidwa sabwerera, ndipo ndalama zake sizifika chaka. Kwa antchito a Boma amene akufuna malo, tikuti aime pamzere monga wina aliyense, osagwiritsa ntchito udindo wawo kuti apeze chimene mlimi kapena msodzi sakanaloledwa.

Tikufuna kuona aphunzitsi athu ndi antchito a Boma akupuma m'nyumba zawozawo, zosadontha, zopanda milandu, pakati pa anthu owalemekeza. Zimenezi n'zotheka ku Senga Bay monganso kwina kulikonse m'dziko muno. Chofunika ndi kuyamba msanga, ntchito ikadalipo, kusunga pang'onopang'ono, ndi kufunsa mbumba, mfumu, Khonsolo ndi nkhalamba za kugombe ndalama zisanatuluke m'thumba.