Phulusa Lisakhudze Malimu a Aluminiyamu

Tsiku lina ku Kapata ndinaona mnyamata alikutsuka malimu a galimoto yakale ya Peugeot 504 ndi phulusa ndi mcenga, monga acitira amai ndi poto. Malimuwo anali a aluminiyamu, atacita mbuu. Mtima unandiwawa, pakuti mbuuyo anali kumuonjezera ndi manja ace omwe.

Aluminiyamu wotere amamuviika m'asidi ku fakitale napititsamo magetsi, kuti amere khungu lolimba lomuteteza. Khungulo n'lopyapyala koposa tsitsi limodzi. Mcenga ulikanda. Phulusa likanyowa lisanduka cidulo, ndipo cidulo comwe cifewetsa therere cidyanso khunguli. Soda wopangira sopo ndiye woopsa koposa.

Tsono citani motere: imikani galimoto pamthunzi, malimu azizire. Tsukani ndi madzi ofunda, sopo pang'ono ndi nsalu yofewa, tsukuluzani, ndipo pukutani msanga, popeza madzi akaumirapo asiya mawanga. Mbuu akacoka, linali fumbi cabe ndi sopo wakale. Koma malimu akawala ali onyowa nabwereranso mbuu atauma, khungu linadyeka kale. Polishi wa galimoto abisako pang'ono. Kulibwezera ndi nchito ya fakitale.

Eni njinga, nanunso mverani. Njinga zakale za Eagle, zimene zinali kupangidwa muno m'Chipata, zinali ndi malimu acitsulo, mdani wace dzimbiri. Zambiri zamakono n'za aluminiyamu. Mukakaika, gunditsani maginito: acitsulo awagwira, a aluminiyamu iai.