Musathere pamchenga, kutsogolo kwa Senga Bay kuli zilumba

Pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, msewu wa M14 wochokera ku Lilongwe umadzaza ndi maminibasi, makosita ndi malole olowera ku Salima. Pa Khirisimasi ndi pa Isitala ndi chimodzimodzi. Anthu amafika ku Senga Bay, kuyala zitenje pamchenga, kuwotcha nyama, kuviika miyendo m'madzi, kujambulitsa, dzuwa likapendeka n'kukweranso galimoto. Ulendo wa makilomita oposa 100 umathera m'madzi olekeza m'mawondo. Koma mukayang'anitsitsa zithunzi zimenezo, kumbuyo kwa amayi atchena chitenje chatsopano kumaoneka kachilumba ka miyala, komwe ambiri sitidziwa ngakhale dzina lake.

Dzina lake ndi Namalenje. Ndipo si kokhako. Kummwera kuli zilumba zitatu za Maleri, kumpoto kuli Mbenje. A msinkhu wangafe timatha bandulo kusirira Zanzibar ndi Mauritius pa TikTok, malo ofuna pasipoti, tikiti ya ndege ndi madola omwe ngakhale kubanki ndi osowa. Pomwe chilumba chosafuna pasipoti chili poteropo, tikuchiona ndi maso. Ine ndikuti banja lililonse lomwe lakwanitsa kufika ku Senga Bay liyeseko kuwoloka, ngakhale kamodzi. Kungoti chilumba si mchenga wa pahotela. Kumeneko kuli malamulo, ena ndi a nyanja, ena a boma, ena a mfumu, ndipo wosawadziwa amabwerako atakhumudwa, mwinanso osabwerako.

Namalenje ndiye poyambira pabwino chifukwa ndi pafupi, ulendo wake umatheka m'mawa umodzi. Alendo akunja amakatcha Lizard Island chifukwa cha ng'azi zikuluzikulu zomwe zimaothera dzuwa pamiyala yake. Ana akaziona amakuwa kuti ng'ona, koma ng'azi imathawa munthu, bola osaipanikiza pakona chifukwa mchira wake ndi chikoti. Miyala ina ndi yoyera mbee, osati ndi laimu ayi, ndi zitosi za mbalame zodya nsomba, ndipo fungo lake mudzalimva boti lisanakocheze. Musaiwale nsapato zogwira bwino. Mapatapata pamwala woterera ndi njira yachidule yopitira kuchipatala, ndipo masana mwala umatentha ngati chiwaya. Mukakwera pamwamba n'kucheuka, mudzaona gombe lonse ndi mapiri a Senga, mahotela aja atachepa ngati mabokosi a machesi. Anyamata ena oyendetsa maboti amatenga tinsomba, kuimba likhweru n'kuponya m'madzi kuti nkhwazi itsike. Mbalame ija timangoiona pachizindikiro cha dziko lathu imabwera ngati muvi, kuhwathula nsomba ndi zala zake madzi osaigwira nthenga. Agogo omwe anakana kusambira adzakamba zimenezo chaka chonse.

Tsono nkhani ya boti, pamene pagona moyo wanu.

Pagombe simusowa wokunyamulani. Musanatsike n'komwe m'galimoto amakhala akuzungulirani kale, aliyense ati lake ndiye labwino. Ambiri ndi anyamata olimbikira omwe akulira panyanja pomwepo, koma bizinesi ndi bizinesi. Gwirizanani zonse mapazi adakali pamchenga: mtengowo ndi wa munthu mmodzi kapena boti lonse, mafuta alimo kapena ayi, akudikirani pachilumba kapena akusiyani n'kudzakutengani nthawi yanji. Perekani theka, lotsalalo mukabwerako. Kenako werengani ma laifu jaketi ndi manja anu, mmodzi mmodzi, ndipo yesani malamba ake. Jekete la munthu wamkulu pa mwana wa zaka zisanu limavuka akangogwera m'madzi, choncho ngati la msinkhu wake palibe, mwanayo atsale ndi azakhali kumtunda, alire bwanji. Abambo, apa ndikunena inu. Pali kamtima kena koti kuvala jekete pamaso pa ana ndi apongozi n'kuonetsa mantha, amati "ine ndinakulira kudambo, ndimatha kusambira." Kusambira padziwe la kumudzi ndi kusambira pakati pa mafunde, mutavala jinzi, mwana atakukoloweka pakhosi, ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ndipo amene wamwa kale mowa asakwere.

Nyanja yathuyi imasintha nkhope mosachenjeza. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumaomba mwera, mphepo yochokera kummwera yomwe imautsa mafunde otha kugubuduza boti lathabwa. Nthambi yoona zanyengo imalengeza pawailesi mwera ukamabwera, ndipo machenjezo amenewo si a asodzi okha. Nthawi ya dzinja nakonso mphepo ya mkuntho imatha kubwera pamodzi ndi mvula. Njira yosavuta ndi kuyang'ana asodzi enieni. Mukaona akokera mabwato awo kumtunda n'kukhala pansi kumasoka maukonde dzuwa likuswa mtengo, inu musamvere mnyamata amene akuti "tingothamanga, bwana, sipatali." Nyamukani m'mawa madzi ali bata, ndipo bwererani dzuwa lisanapendeke kwambiri.

Amene akufuna zoposa pamenepa apite ku Maleri. Zilumbazi ndi zitatu, Maleri, Nankoma ndi Nakantenga, ndipo ngakhale zili kuno ku Salima, ndi mbali ya Lake Malawi National Park, paki yomwe ambiri timaganiza kuti ili ku Cape Maclear kokha. Inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Apa ndiye pali lamulo la boma: osadula mtengo, osasaka, ndipo madzi a mamita 100 kuzungulira chilumba ndi otetezedwa, osaponyamo ukonde kapena mbedza. Polowa mumalipira, koma Mmalawi amalipira zochepa kusiyana ndi mlendo wakunja, choncho chitupa cha unzika chikhale m'thumba. Pa Nankoma pali malo ogona alendo a Blue Zebra Island Lodge, komwe kuli makayaki ndi tinjira toyenda m'nkhalango. Kugona kumeneko si kwa thumba la aliyense, tisanamizane, koma kwa amene akusonkha ndalama za hanemuni ya kunja, awerengere kaye za ndege zokha aone.

Chomwe boma likuteteza kumeneko si mitengo kwenikweni. Ndi tinsomba totchedwa mbuna. Valani magalasi osambirira aja okhala ndi kapaipi kopumira, gonani chafufumimba pamadzi pafupi ndi miyala, muone. Tabuluu, tachikasu, tamizeremizere ngati mbidzi, tikukudutsani pamphuno popanda mantha. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse yamadzi opanda mchere padziko, ndipo yochuluka sipezeka kwina kulikonse. Chifukwa chake n'chosangalatsa. Mbuna imakhala pamiyala, imadya ndere zomera pamiyalapo, ndipo siikonda kudutsa pamchenga poyera kapena pamadzi akuya. Yaikazi imasunga mazira mkamwa mpaka ataswa, ana n'kutulukira pomwepo pakhomo, osatengedwa ndi madzi kupita kutali. Ndiye chilumba chilichonse chili ngati mudzi wakewake, ndipo m'kupita kwa zaka zikwizikwi mbuna za mudzi uno zinasiyana mtundu ndi za mudzi uwo. Mukawononga miyala ya chilumba chimodzi, mutha kufafaniza mtundu womwe kulibenso kwina.

Kwa ife mbuna ndi kansomba kosakwana ndiwo. Kwa anthu a ku Germany, ku Britain ndi ku America ndi chuma chosunga m'matanki agalasi pabalaza. Malemu Stuart Grant anayamba kutumiza nsombazi kunja zili zamoyo m'zaka za m'ma 1970, ndipo malo ake ali pa Kambiri Point, konkuno ku Senga Bay. Pali anthu kunjako odziwa dzina la Maleri chifukwa cha nsomba ya m'nyumba mwawo, pomwe wa ku Area 25 sanalimvepo.

A ku Lilongwe musaganize kuti za zilumbazi sizikukukhudzani. Mtsinje wa Lilongwe umathira mu Linthipe, ndipo Linthipe amathira m'nyanja pafupi ndi Maleri. Mvula ikagwa, dothi lokokoloka m'minda ndi m'mapiri ometedwa mipala a ku Dedza ndi Lilongwe limathera kumeneko. Madzi amafiira, dzuwa silifika pansi, matope amakwirira ndere zomwe mbuna zimadya. N'chifukwa chake wofuna kuona nsomba bwinobwino apite chilimwe, cha mu Seputembala mpaka Novembala, mwera utaleka mvula isanayambe. Ndipo pafupi ndi mathiriro a mitsinje ndi m'mabango musasambire, ndi kwa ng'ona ndi mvuu. M'madzi osaya odekha mumakhalanso nkhono zofalitsa likodzo. Pakatha milungu ingapo mutabwerako, pitani nonse kuchipatala mukafotokoze kuti munasamba m'nyanja. Mankhwala ake, praziquantel, ndi odziwika, musadikire kuti mwana ayambe kukodza magazi.

Chilumba cha Mbenje ndachisiyira kumapeto dala, chifukwa kumeneko sindikukutumizani ndi kulabokosi. Chili m'dera la Senior Chief Makanjira, ndipo si malo a alendo, ndi malo a ntchito. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, mafumu a kumeneko akhala akutseka usodzi pachilumbachi nyengo ya mvula. Cha mu Disembala asodzi onse amasamuka, chilumba n'kutsala chokha mpaka cha mu Epulo, nsomba zikuswana mwamtendere. Chikatsegulidwa, malamulo ake ndi okhwima: mowa ayi, chamba ayi, juga ayi, ndipo amayi saloledwa kupondako. Wophwanya amathamangitsidwa.

Lamulo lomalizali limandivuta, ndipo ndikudziwa kuti alongo anga ambiri owerenga tsamba lino liwawawa. N'zovuta kufotokozera mtsikana wa Fomu 2 kuti pali dothi la dziko lake lomwe mchimwene wake angaponde koma iye ayi. Eni ake amalumikiza lamuloli ndi mizimu ya pachilumbapo komanso mwambo wa makolo, ndipo kukambirana zolisintha ndi kwa iwo ndi amayi a m'midzi imeneyo, omwe ndiwo amagula, kuyanika ndi kugulitsa nsomba zochokera komweko. Si nkhani yoti mlendo wa tsiku limodzi akaithetse ndi foni m'manja, kukakamiza woyendetsa boti kuti amuwolotse mwakabisira kuti apeze kavidiyo. Iye adzabwerera ku tauni madzulo, mnyamata wa botiyo ndiye adzatsale ndi mlandu kwa mfumu.

Komanso tinene zoona, pa nkhani yosunga nsomba a Mbenje akwanitsa zomwe malamulo olembedwa pamapepala akulephera m'magombe ambiri. Chambo chikusowa, maukonde a udzudzu akusesa ndi ana omwe, koma kumeneko nyengo yotseka imatsatidwadi, zaka pafupifupi 70 tsopano, ndipo utaka ukadalipo. Akatswiri a ku Mzuzu University ndi anzawo a ku University of Strathclyde ya ku Scotland anachita kubwera kudzaphunzira mmene mafumuwa amachitira.

Ngati mukufuna kuona Mbenje monga banja, nthawi yake ndi ya mwambo wotsegulira usodzi, cha mu Epulo, pagombe la Chikombe. Pamenepo onse amaloledwa, amayi, ana ndi agogo. Mafumu amalankhula, malamulo amakumbutsidwa poyera, magule amavinidwa, kenako maboti amanyamuka. Mukakhalako masiku angapo mudzawaona akubwerera atalemedwa. Tengani beseni ndi ndalama zapamanja, pakuti utaka wa pamenepo sudikira netiweki ya Airtel Money kapena Mpamba kuti ibwerere.