Nthenga za nkhanga, mpasa ndi mtsinje wa Bua

Amalawi anzathu, kuli usodzi wina umene ambiri timauyesa masewera a azungu. Msodzi wake sakumba nyongolotsi ayi. Amatenga mbedza yaing'ono, n'kuimangirira nthenga za nkhanga kapena za tambala ndi ulusi, mpaka ioneke ngati chiwala, ngumbi kapena tombolombo. Akaiponya pamadzi, nsomba imayesa kachirombo kagwa, basi n'kudzikola yokha.

Usodziwu si wachilendo kuno. Atsamunda adabweretsa nsomba za trout kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo alendo akhala akuziwedza motere mu Mulunguzi paphiri la Zomba, m'timitsinje ta ku Mulanje ndi m'madamu a Chelinda ku Nyika. Ku Kenya anthu ambiri akudya za luso lomanga nyambozi, zomwe zimakagulitsidwa ku Ulaya ndi ku America. Makina olemera safunika. Chofunika ndi maso, zala zofatsa, mbedza, ulusi ndi nthenga, zomwezi timazisesera kudzala tikapha nkhuku pa Kamwendo, Kapiri ndi Mkanda.

Nanga Mchinji ikulowapo bwanji? Bua amayambira m'boma lomweli, n'kutsika mpaka kunkhalango ya Nkhotakota asadathire m'nyanja. Mpasa, nsomba yanyonga ija imene asodzi a mbedza amaisirira, imachoka kunyanja n'kukwera Bua kukaswana pamiyala ya madzi oyera. Lero mpasa ili pam'ndandanda wa nsomba zomwe zili pangozi yotha. Chikuipha n'chiyani? Matope. Tikadula mitengo ya m'mapiri a Mchinji kuotcha makala ndi kumangira zigafa, tikalima dimba mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, dothi limakokoloka n'kukakwirira mazira kumunsiko. Ena akuwonjeza katupe ndi masikito a kuchipatala, kusesa ndi tiana tomwe. Kodi kumeneku n'kusodza kapena kupulula?

A African Parks adatenga nkhalango ya Nkhotakota m'chaka cha 2015 ndipo akulondera chigawo chawo. Koma mlonda wa ku Nkhotakota sangaletse matope ochokera ku Mchinji. Imeneyo ndi ntchito ya mafumu, khonsolo ya boma, a zankhalango ndi ife eni ake.

Ife tikuti, a khonsolo ndi a za usodzi akhazikitse malire a kulima m'mbali mwa Bua ndi Rusa, ndipo wogwidwa ndi katupe alipe pabwalo la mfumu. A sukulu za ntchito zamanja aganizire zophunzitsa achinyamata kumanga nyambo za nthenga. Inu ageni amene mumawoloka pa Mwami tsiku ndi tsiku, nayu katundu wopepuka, wosaola, wokwana m'thumba la jekete.

Komatu mlendo sangalipe ndalama kudzawedza m'chithaphwi. Mpasa ikatha, nthenga zija zibwerera kudzala. Akulu adati mtsinje wa Tinkanena udathera mu Siizi. Bua asathere komweko.