Phazi lilibe sipeya

Pitani pamene akumanga nyumba pa Lunzu kapena pa Mponela, mukapeza anyamata akuponda simenti atavala patapata, chonsecho simenti yonyowa imawotcha khungu. Ena akuwotcherera zitsulo zala zili pamtetete. Paja tsoka silinunkha: msomali umodzi ungabweretse kafumbata, banja n'kumagona ndi njala bambo ali gone m'chipatala.

Lamulo la chitetezo pa ntchito la mu 1997 lidalamula olemba ntchito kupereka ulere zovala zoteteza, kuphatikizapo nsapato, kwa ogwira ntchito zoopsa. Mabwana, musadikire ngozi.

Inu odzigulira nokha pa kaunjika, musatengeke ndi polishi. Dinikizani kumphuno kwa jombo, mumve ngati kuli chitsulo. Pindani soli, ikaonetsa ming'alu, isiyeni. Yesani zonse ziwiri chakumadzulo, mapazi atatupako, mutavala sokosi, ndipo kutsogolo kutsale mpata wa chala chimodzi. Akudimba afune jombo zamphira, pomwe oyenda mitunda italiitali asankhe zopepuka, zogwira bwino akakolo.

Jombo zabwino n'zokwera mtengo, inde, koma phazi sagulitsa pamsika.