Mwana Wapita ku Sukulu, Sanapite ku Joni

Mu Okutobala 2024, pamene dzuwa linali kuswa mtengo kuno ku Chipata, ife a banja lathu tinasonkhana ku Nabvutika, pakhomo pa mlongo wanga, kudzalawirana ndi mwana wace woyamba. Mnyamatayo anali atasankhidwa kukaphunzira ku Moscow, likulu la dziko la Russia, pa thandizo la Boma. Nkhuku zinaphedwa, mapemphero anacitika, ndipo ali yense anali ndi mau ace. Wina anati asaiwale kumtumizira lamya ya m'manja. Wina anati malata a nyumba ya amace akudikira iye. Ngakhale ine amalume ace ndinanena moseka kuti jekete langa lang'ambika. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti mwanayu akadya ciani akafika.

Nkhani imeneyi ndaisunga nthawi yaitali, koma lero ndati ndiikambe kwa inu makolo, cifukwa caka ndi caka ana a kuno kum'mawa akukwera ndeke kupita ku Russia, ku China, ku India ndi maiko ena, ndipo colakwa cimene tinacita ife cingathe kucitika pakhomo pali ponse.

Ife anthu a kum'mawa ulendo tinauzolowera kale. Makolo athu anali kupita ku Halale, ku Wankie, ku Joni ndi ku migodi ya ku Kitwe ndi Luanshya. Amene anabwerera anadza ndi mabulangete, njinga ndi makina osokera; amene sanabwerere tinawacha macona. Cifukwa ca ici m'mitima mwathu munakhazikika ganizo lakuti munthu akaoloka malire ndiye kuti wapita kukapata ndalama. Koma wanchito ndi wina, wophunzira ndi winanso. Wanchito amalandira malipiro. Wophunzira amalandira kandalama kongokwanira cakudya, zobvala ndi mabuku.

Tamvani tsono m'mene mnyamata wathu anayendera. Anakwera basi ku Chipata, nayenda mtunda woposa makilomita 550, kuoloka mlatho wa Luangwa mpaka ku Lusaka. Pa bwalo la ndeke la Kenneth Kaunda anakwera ndeke kwa nthawi yoyamba m'moyo wace, nasinthira ina m'dziko lina. Pamene anatera ku Moscow anali atabvala shati ndi juzi imene inali kumkwanira m'cisanu ca mu Juni kuno kwathu. Mphepo imene inamlonjera pa citseko inamuuza kuti juziyo ndi masewera.

Mzinda wa Moscow uli ndi anthu ngati mamiliyoni 13. Kalembera wa mu 2022 anapeza kuti Zambia yense sanafike mamiliyoni 20. Ndiye kuti mzinda umodzi wokha uli ndi anthu oposa theka la mtundu wathu wonse. Anthu amenewa amayenda pa sitima za pansi pa nthaka, zimene zinayamba mu 1935, ndipo munthu amatsikirako pa makwerero oyenda okha. Tsiku lacitatu mnyamata wathu analowa m'sitimazi ali yekha, nasokera. Zikwangwani zinalipo, koma Cirasha cili ndi zilembo zace 33, ndipo zina zimanyenga maso: cilembo cooneka ngati P cimawerengedwa R, cooneka ngati H ndi N, cooneka ngati C ndi S. Mwana amene anapambana bwino mayeso ace onse kuno anaima pakati pa khamu ngati munthu amene sanapondepo m'kalasi. Anacita manyazi kufunsa, napitirira ndi sitima yolakwika kufikira kumapeto kwa njanji. Akulu anati safunsa anadya phula.

Usiku womwewo anandiimbira lamya. Sanadandaule za kusokera ai. Anati, "Amalume, tsiku lonse ndayenda pakati pa anthu zikwi-zikwi, koma palibe amene wandifunsa kuti ndauka bwanji." Kuno kwathu kupitirira munthu wamkulu osampatsa moni ndi mwano. Kumeneko anthu osadziwana sapatsana moni m'njira, ndipo si cidani, ndi mkhalidwe wao cabe. Koma kwa mwana wokulira ku Nabvutika, kumene khomo lili lonse limamdziwa dzina, kukhala cete kumeneko kumalasa koposa mphepo.

Masabata oyamba anathera m'maofesi: kulembetsa kumene akukhala, kupimidwa ndi madokotala, kudinda zala, ndi kuyenda ndi mapepala ace m'thumba tsiku ndi tsiku. Ndalama zace zoyamba zinathera pa cikhoti cocindikala, nsapato za m'cisanu, cisoti ndi zobvala za m'manja, pakuti kumeneko zimenezi si zodzikometsera koma zopulumutsa moyo. Cipale cofewa citayamba kugwa, masiku anafupika. Mu Disembala dzuwa limatuluka ca m'ma 9 koloko m'mawa ndi kulowa 4 koloko isanakwane bwino, ndipo mu Januwale si cacilendo kuzizira kufika madigiri 10 kapena 15 pansi pa ziro. Cakudya cinali buledi wakuda, mbatatesi, kabici ndi supu. Nsima anaiona patapita mwezi, pamene ophunzira anzace a ku Zambia amene anafika kale anamuitana, namphikira ya ufa wa tirigu wokhakhala umene eni dziko amaucha manka. Akuti siifanana ndi ya ufa woyera wa kumtondo, koma anaidya misozi ili m'maso.

Pamwamba pa zonsezi panali sukulu. Wophunzira wacilendo amayamba ndi caka cathunthu cophunzira cinenero, ndipo akalephera mayeso a cakaco, maphunziro amene anapitira sangawayambe. Ndi caka cofuna mutu wonse wa munthu.

Nanga ife kuno tinali kucita ciani? Mnyamatayo anatumiza cithunzi cimodzi ataima pa bwalo lochuka la Red Square, atabvala cikhoti cace catsopano. Cithunzico cinayenda pa WhatsApp kucokera ku Nabvutika mpaka kumudzi, ndipo onse anagamula kuti mwana walemera. Mauthenga anayamba kugwa ngati matalala: wa feteleza, wa yunifomu, wa maliro, wa ngongole ya pa msika wa Kapata. Mwana woleredwa bwino sadziwa kukaniza akulu. Anayamba kudya kamodzi pa tsiku kuti asungeko kanthu. Tsiku lina anandiuza kuti, "Amalume, ndapeza munthu amene angandipatse ganyu wopereka mitokoma usiku." Apo ndi pamene mtima wanga unagunda.

Ambiri a inu mukumbukira nkhani imene inagwedeza dziko mu 2022. Wophunzira wina wa ku Zambia, amene anali ku Moscow pa thandizo la Boma, anapatsidwa cilango mu 2020 ca kukhala m'ndende zaka 9 ndi theka pa mlandu wa mankhwala osokoneza bongo. Abale ace anafotokoza kuti anali kugwira ganyu wopereka mitokoma, ndi kuti mtokoma umene anamgwira nao unali wa munthu wina. Kucokera m'ndendemo anatengedwa kupita ku nkhondo ya ku Ukraine, kumene anafa mu Seputembala 2022 ali ndi zaka 23. Mtembo wace unafika ku Lusaka mu Disembala caka comweco. Sindinena kuti banja lace linamkakamiza kanthu. Ndingonena kuti m'dziko la eni, kumene mwana sadziwa cinenero kapena malamulo, phazi limodzi lolakwika lingathe kumtengera kumene palibe malume angamuombole.

Mawa lace ndinapita ku Nabvutika, ndipo ine ndi mlongo wanga tinaitana abale. Tinagwirizana kuti pempho lili lonse la ndalama lizidzera kwa ine, osati kwa mwana. Ndinayamba ndi kubweza mau anga a jekete. Ena anang'ung'udza kuti tikubisa cuma, koma pang'ono-pang'ono anamvetsa.

Kwa inu amene mwana wanu wasankhidwa ndi bungwe la Higher Education Loans and Scholarships Board, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2016, kapena wapeza malo mwa njira ina, mau anga ndi awa. Asananyamuke, funsani bwino-bwino kuti thandizolo lilipira ciani ndipo silipira ciani. Ngati muli ndi kambuzi kapena thumba la nshawa logulitsa, ndalamayo mpatseni ya cikhoti, osati ya phwando lolawirana. Akafika, adziwike ku ofesi ya kazembe wa Zambia ndi ku gulu la ophunzira anzace, pakuti amene anafika kale ndiwo adziwa njira. Mumuuze mobwereza-bwereza kuti asanyamule katundu wa munthu wina amene sanaone m'kati mwace. Ndipo mukamuimbira lamya, yambani ndi kumfunsa ngati wadya, ngati wagona bwino, ngati wapeza bwenzi. Muuzeni za mvula, za cimanga, za amene wabadwa. Nkhani zotere ndizo ndiwo za munthu ali kutali.

Tisaiwale kumene tinacokera. Pamene tinalandira ufulu mu 1964, dziko lonse linali ndi anthu ngati 100 cabe amene anatsiriza maphunziro a pa yunivesiti, ndipo onsewo anawapeza kunja, pakuti Yunivesiti ya Zambia inatsegulidwa mu 1966. A Harry Nkumbula anapita ku London, a Mainza Chona anatsatira mu 1955 kukaphunzira za malamulo, ndipo a Rupiah Banda, mwana wa kuno kum'mawa amene anadzatsogolera dziko kucokera mu 2008 mpaka 2011, anaphunzira ku Lund m'dziko la Sweden. Cimene dziko likuwakumbukira naco si masutikesi amene anabwera nao. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, koma tisammangire mwala m'khosi pamene akuphunzira kusambira.

Mnyamata wathu ganyu uja anamleka. Mu Juni 2025 anapambana mayeso a cinenero, ndipo mu Seputembala analowa caka coyamba ca maphunziro ace eni-eni. Malata a nyumba ya mlongo wanga akali odontha pa ngodya imodzi. Mvula ikagwa amachera beseni, ndipo akuti adikira.